Mmene mungafufuzire mbiri ya Likoma ndi magombe ake mukukhala ku Lilongwe

Mwana wa munthu wa ku Likoma amene wakulira mu Lilongwe muno akapatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za kwawo, mapeto ake amalemba za tchalitchi cha St Peter's, n'kumatapo chithunzi cha pa intaneti, nkhani yathera pomwepo. Ndachonga mapepala otere ambirimbiri pa ntchito yanga yophunzitsa mbiri ku sekondale, ndipo amandiwawa mtima chifukwa mayi anga ndi a komweko. Tchalitchicho n'chokongola, sindikutsutsa. Koma funso lenileni amalilumpha: zinatheka bwanji kuti zilumba ziwiri, Likoma ndi Chizumulu, zimene zili pamphuno pa Mozambique zikhale za Malawi, ndipo zaka zonsezi anthu ake akhala akudya ndi yani, kukwatirana ndi yani, kulamulidwa ndi yani? Mayankho ake saloza mbali imodzi. Ulamuliro unapita kumadzulo, mphika unatsalira kum'mawa, ndipo za mpingo zinachokera ku Zanzibar. Wofuna kulemba mbiri imeneyi, kaya ya banja kaya ya kusukulu, azigwire zonse zitatu. Ine ndimayenda motere.

Yambani ndi mapu a nyanja yonse, oonetsa magombe onse atatu, osati a Malawi okha amene amaika Likoma ndi Chizumulu ngati timadontho tosochera. Tengani lula muyeze. Kuchoka ku Likoma kukafika ku Cobue, pa gombe la Mozambique, sipakwana makilomita 10. Kupita ku Nkhata Bay n'kopitirira makilomita 50. Kenako lembani pambali kuti Likoma ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 18, Chizumulu pafupifupi 3, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma lonselo. Dothi lake ndi lamiyala ndi mchenga, mitengo yochuluka ndi malambe ndi mango. Tsono dzifunseni: khamu lonseli nkhuni limazitenga kuti? Nanga milimo ya denga, udzu wofolerera, chimanga cha m'miyezi ya njala? Mukafika pa funso limeneli ndiye kuti mwayamba mbiri ya chuma, musanatsegule buku n'limodzi lomwe.

Chachiwiri n'chakuti mukhale ndi pepala limodzi la zaka, loti muzipachikapo zonse zimene mumve. Lisatalike. Langa lili ndi izi. Mu 1885 amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa) anakhazikika pa Likoma, ndipo chaka chomwecho sitima yawo, Charles Janson, inayamba kuyenda pa nyanja. Pa 11 June 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano la malire, limene linaika mzere pa gombe la kum'mawa: mtunda n'kukhala wa Apwitikizi, madzi ndi zilumba n'kutsala kwa Angerezi. Kukhalapo kwa amishoni a Chingerezi pachilumbapo n'kumene kunapangitsa kuti Britain asazitaye. Mu November 1954 maiko awiriwa anagwirizananso zina, n'kusunthira malire pakati pa nyanja. Apa m'pamene Likoma ndi Chizumulu anazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, koma anatsalabe a Nyasaland, aliyense ndi lamba wa madzi ake wa mamailosi awiri a panyanja. Pamene Likoma wayandikana kwambiri ndi mtunda, madziwo anagawidwa pakati ndi pakati. Ambiri amaganiza kuti zilumbazi zakhala m'madzi a eni kuyambira kalekale. Ayi, ndi za 1954, ndipo alipo agogo amoyo lero amene nthawi imeneyo anali atayamba kale kupalasa bwato. Onjezani 1964, pamene Malawi analandira ufulu pa 6 July ndipo Frelimo inayamba nkhondo yake yolimbana ndi Apwitikizi ku Mozambique pa 25 September; 1975, ufulu wa Mozambique; ndi 4 October 1992, tsiku la pangano la mtendere la ku Rome limene linathetsa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Zakwana.

Tsopano pitani kwa anthu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa m'pamene ambiri amaphonya.

Simufunika kudikira ndalama ya sitima kuti muyambe. A ku Likoma ali mbwee mu Lilongwe muno, popeza sukulu za mishoni zinatulutsa makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi amisiri amene anabalalika dziko lonse ndi kunja komwe. Mukaima panja pa tchalitchi cha St Peter's ku Area 3 misa ikatha Lamulungu, mumva kalankhulidwe ka kunyanja musanafike n'komwe pa geti. Ku maliro a munthu wa kwathu, ku zinkhoswe, kwa amayi ogulitsa usipa ndi utaka mu msika waukulu wa m'tauni kapena ku Kawale, konseko kuli anthu odziwa zinthu. Koma pa maliro musatulutse kope. Pamenepo mumangopeza dzina ndi kumene akukhala, n'kupempha kudzawachezera tsiku lina.

Mukapita, musapite chimanjamanja. Shuga, sopo, kabuledi, zikwanira. Khalani pansi, perekani moni wonse, nenani kuti ndinu mwana wa yani, wa mudzi uti, mfunda wanu ndi uti. Agogo sangakuuzeni za m'kati asanakuikeni pa malo. Foni yojambulira mawu muitulutse atavomera, ndipo muwauze amene adzamve.

Kafunsidwe n'kamene kamasiyanitsa. Mukati, "Agogo, tandiuzeni mbiri ya Likoma," akuuzani za Bishopu Maples, mmodzi wa amishoni oyamba, ndi tchalitchi, zomwe anaphunzira ku sukulu, chifukwa akuganiza kuti n'zimene munthu wophunzira amafuna. Funsani za m'manja ndi za m'mimba. Azakhali anga a ku Area 25 ndinawapeza akusankha mpunga m'lichero, ndipo ndinangoti, "Azakhali, muli mtsikana nkhuni zophikira zinkachokera kuti?" Anaika lichero pansi. Anayamba kuwerenga pa zala midzi ya kutsidya kumene zombo zinkachokera, mmene amayi ankathamangira kugombe tanga likangoonekera, mmene ankasinthanitsira nsomba zouma, mchere ndi sopo ndi mitolo ya nkhuni ndi chinangwa. Kenako mwa iwo okha anati, "Ndi amayi anga aang'ono omwe anakwatiwa komweko, ife timapita kukalima." Funso la nkhuni linatulutsa malonda, ukwati ndi minda ya kutsidya nthawi imodzi. Ena ofanana nalo ndi awa: chombo chinali cha yani, ndipo munkalipira chiyani? Wodwala wa kutsidya ankabwera naye kuchipatala cha pachilumba, kapena ankapita kwina? Mwana wa ku Cobue ankaphunzira kuti? Kwa abambo funsani za ukonde wa chilimira: mwini wake anali yani, alovi, ogwira ntchito pa ukondewo, ankachokera mbali iti, nsomba zikauma pa thandala zinkagulitsidwa kuti, ku Nkhata Bay kapena kutsidya. Funsaninso za magule, ngati a malipenga ndi chioda ankawoloka kukapikisana ndi anzawo a mbali inayo.

Vuto la nkhani za pakamwa ndi zaka. Agogo amati "kalekale" kutanthauza 1948 ndi 1988 yemwe. Musawakakamize kutchula chaka, angopeka kuti akusangalatseni. Funsani ndalama imene ankagwira. Akati mashilingi ndi mapaundi, ndiye kuti ndi chisanafike 1971, pamene kwacha inalowa. Akati kutsidya ankalipira ma escudo, ndi chisanafike 1980, pamene Mozambique inabweretsa metical. Funsani sitima imene anakwera: Vipya inamira mu July 1946, Ilala inayamba kuyenda mu 1951. Njala ya 1949 nayo ndi chikhomo chabwino. Ndi zikhomo zimenezi nkhani ya agogo imakhala pa malo ake pa pepala lanu lija popanda kuwachititsa manyazi.

Za nkhondo muzifunse pomaliza, mwinanso ulendo wachiwiri. Nkhondo ya Frelimo itayamba, anthu a m'midzi ya gombe la Niassa ku Mozambique anathawira ku Likoma, ndipo nthawi ya Renamo anabweranso, pamene Malawi yense anasunga othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Kwa mabanja ambiri amenewa sanali alendo, anali amalume ndi asuweni. Koma munali zowawa m'menemo: amene anaferatu, amene ankaganiziridwa kuti ndi akazitape, amene anatsalira kuno n'kusintha dzina. Agogo akakhala chete, inunso khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo wina akakuuzani kuti anabadwira kutsidya koma ali ndi chiphaso cha unzika cha Malawi, dzina lake lisalowe m'zolemba zanu.

Za Zanzibar sizituluka m'kamwa mwa agogo mosavuta, n'zoti muwerenge ndi kukaziona. Ndimauza ophunzira kuti nkhani ya Likoma ndi gombe lake ndi mwana wa nkhani ina yaikulu, ya chilumba cha Zanzibar ndi gombe la East Africa. Seyyid Said, mfumu ya ku Oman, atasamutsira likulu lake ku Zanzibar cha m'ma 1840, chilumbacho chinasanduka msika wa minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera kumtunda, ambiri mwa iwo odzera pa doko la Kilwa. Ena ankagwiritsidwa ntchito m'minda ya makilovu pachilumba pomwepo. M'zaka zomwezo Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba, kutanthauza wolamulira wa Chiswahili wa derali. Iye ndi olowa m'malo mwake ankadziwika ngati oimira Sultan wa Zanzibar, ndipo zombo zawo zinkawolotsa anthu ndi minyanga kupita ku gombe la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkabwera njira yomweyo. Ufumu wa a Jumbe unatha pakati pa zaka za m'ma 1890, boma la atsamunda la Harry Johnston litachotsa womaliza n'kumutumiza ku Zanzibar.

Chondidabwitsa mpaka lero n'chakuti amene anabwera kudzalimbana ndi malonda amenewa anadzeranso khomo lomwelo. UMCA inayamba ku Magomero mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie n'kumwalira mu January 1862, ndipo mu 1864 Bishopu Tozer anasamutsira ntchito yonse ku Zanzibar. Msika wa akapolo wa kumeneko utatsekedwa mu 1873, mishoni inamanga tchalitchi chake chachikulu pamalo pomwepo. Kuchokera kumeneko m'pamene William Percival Johnson ndi anzake anabwerera kunyanja. Likoma anawakomera chifukwa pachilumba nkhondo za kumtunda sizifikapo mosavuta, komanso ndi sitima ukhoza kufikira midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja. Kotero Likoma anakhala likulu, midzi ya gombe la kum'mawa ngati Msumba n'kukhala nthambi zake. Ena mwa aphunzitsi oyamba anali anthu omasulidwa ku ukapolo amene anaphunzira ku Zanzibar, ndipo anyamata anzeru a kunyanja ankatumizidwa ku sukulu ya Kiungani komweko. Tengani Leonard Kamungu ngati chitsanzo chophunzitsira: anabadwira ku Chia, pa gombe limene lero ndi Mozambique, anaphunzira ku Zanzibar, anadzozedwa unsembe mu 1909, anagwira ntchito ku Nkhotakota, n'kukamwalira ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1913. Koleji ya za ubusa ya Anglican ku Zomba imatchedwa dzina lake. Johnson naye manda ake ali ku Liuli, mbali ya Tanzania, kumene anamwalira mu 1928. Mwana akajambula mizere ya maulendo a anthu awiriwa pa mapu aja, amamvetsa yekha kuti malire anabwera mochedwa.

Mabuku a mpingo ndiwo mboni yabwino kuposa zonse pa nkhani ya ubale. Kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati amalemba dzina, makolo, mudzi ndi tsiku. Mukawerenga masamba angapo otsatizana muona kuchuluka kwa maukwati a wa pachilumba ndi wa kutsidya, ndi zaka zimene anachuluka kapena kuchepa. Kumbukirani kuti Likoma ali mu Diocese ya Northern Malawi, imene likulu lake lili ku Mzuzu, osati ya Lake Malawi ya kuno ku Lilongwe. Pemphani kwa wansembe wa parishi yanu kalata yokudziwitsani kwa anzake a kumeneko. Mukapatsidwa buku, sambani m'manja, cholembera cha inki chikhale m'thumba, lembani ndi pensulo, ndipo musajambule musanapemphe.

Ku National Archives ku Zomba kuli malipoti a maboma a nthawi ya atsamunda. Tengani chiphaso ndi kalata yonena chimene mukufufuza. Musangofunsa "Likoma", chifukwa boma la Likoma n'latsopano. Kale zilumbazi zinali pansi pa Nkhata Bay, choncho fufuzaninso pa dzina limenelo ndi la Chintheche. Maina a malo muwayese m'kalembedwe kangapo, apo ayi mubwerako manja lende: Kota Kota ndi Nkhotakota, Kobwe ndi Cobue, Mtengula ndi Metangula, Msumba ndi Messumba, Chisumulu ndi Chizumulu. Muziyang'ana kwambiri za msonkho, ziphaso za zombo, njala ndi kayendedwe ka sitima. Olemba malipotiwo ankadandaula ndi zimene sankatha kuzilamulira, ndiye madandaulo awo amaulula malonda amene anthu wamba ankachita. Mukakhala ndi mpata wofika ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Kuno kwathu yambani ndi National Library ku City Centre, n'kwapafupi.

Ulendo weniweni ubwere pambuyo pa zonsezi, mukudziwa chimene mukukafuna. Kuchoka ku Lilongwe tsikirani ku Salima pa msewu wa M14, n'kukhotera kumpoto pa M5. Musadutse Nkhotakota muli m'tulo. Tsikani, mukaone mtengo umene anthu amaukumbukira ndi David Livingstone, amene anafika kumeneko mu 1861 n'kubwereranso mu 1863, mukaone tchalitchi cha All Saints mmene muli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu September 1895 asanafike n'komwe ku Likoma ngati bishopu. Yendani m'tauni muone mizikiti ndi minda ya mpunga. Chisilamu ndi ulimi wa mpunga zinazika mizu kumeneko nthawi ya a Jumbe. Ndiye pitirirani ku Nkhata Bay kukakwera sitima. Tsiku ndi ola lonyamukira mufunse sabata yomweyo kwa a padoko, osadalira zimene wina analemba pa Facebook chaka chatha. M'miyezi yozizira mwera umavuta. Ngati muli ndi agogo kapena ana aang'ono, sankhani nthawi ina, ndipo maboti odzaza mopitirira muyeso musakwere ngakhale akutsitsireni mtengo.

Mukafika, kaonekereni kwa anyakwawa a mudzi umene mwafikira. Dera lonse ndi la Mfumu Mkumpha. M'mawa mwake musathamangire ku tchalitchi. Pitani kugombe loyang'ana kum'mawa kusanatenthe, mukhale pa mwala ndi kope lanu. Lembani chimene chikutsika m'zombo ndi m'maboti, chimene chikukwera, ndalama imene ikusinthana manja, chinenero chimene anthu akupatsirana moni. Pitani ku Mbamba mufunse a m'magolosale kuti shuga, simenti ndi mafuta zimabwera ndi chiyani, kuchokera kuti. Muona nokha kuti za m'sitolo ndi za boma zimachokera kumadzulo, za m'nkhalango ndi za m'munda zambiri kum'mawa. Yerekezani ndi zimene azakhali anu anakuuzani ku Lilongwe, muone zasintha ndi zimene zikadalipo.

Masana ake tsono kalowereni mu St Peter's. Mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, tchalitchicho n'kupatulidwa mu 1911, pa malo otchedwa Chipyela, pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Wokuonetsani mumufunse za mtanda wosemedwa ku mtengo wa kwa Chitambo, pamene panakwiriridwa mtima wa Livingstone. Tchalitchi cha ku Zanzibar chilinso ndi wake. Koma mufunsenso zimene alendo safunsa: miyala anasenza ndani, matabwa ndi laimu zinachokera kuti, amisiri anaphunzira kwa yani. Werengani maina a pa manda ndi pa zikwangwani za m'makoma, mulembe kumene aliyense anachokera.

Ku Cobue n'koyenera kuwolokerako, koma ndi dziko lina, ngakhale kuli asuweni anu. Kaonaneni ndi a zolowa ndi kutuluka pachilumba pomwepo akuuzeni mapepala ofunika, ndipo mukafika kutsidya kadziwonetseni kwa a boma musanayambe kufunsa anthu mafunso kapena kujambula. Chinyanja chikuyendetsani bwinobwino. Mafunso ake ndi omwe aja, kungowatembenuza: inu ku Likoma mumakatengako chiyani? Ana anu, odwala anu, nsomba zanu? Mbiri yolembedwa ndi a pachilumba okha imakonda kuonetsa a kutsidya ngati ongobweretsa nkhuni. Iwo ali ndi kafotokozedwe kawo, ndipo mwina sikakukomerani.

Polemba, siyanitsani zinthu zitatu: zimene mwawerenga, zimene mwauzidwa, ndi zimene mwaona ndi maso. Agogo awiri akasemphana, lembani zonse ziwiri n'kunena kuti wina watero, wina watero. Mkangano wa Malawi ndi Tanzania pa za kumpoto kwa nyanja ukukokani, chifukwa n'umene umamveka pa wailesi, koma umenewo ndi wa pangano lina, la Britain ndi Germany la 1890. Utchuleni m'chiganizo chimodzi, mubwerere ku Likoma. Mawu amene mwajambula muwasunge m'malo awiri, pa kompyuta ndi pa kafulashi kosungidwa kwa m'bale wina, ndipo lililonse mulilembe tsiku, malo ndi mudzi wa wolankhulayo. Mukamaliza sindikizani makope angapo m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Limodzi lipite ku parishi imene inakutsegulirani mabuku, lina ku sukulu ya pachilumba, ndipo aliyense amene munamufunsa mumuwerengere gawo lake asanalione anthu ena, kuti akonze pamene mwamva molakwa ndi kuchotsa zimene safuna kuti zituluke.